Vani yomwe inandiphunzitsa kumata vinilo

Vani yoyamba yomwe ndinamata ndekha vinilo, pulasitiki yopyapyala yaguluu yokutira nayo galimoto, inabwereranso patangotha sabata imodzi, mwini wake anangoimika pakhomo nkunena kuti tabwerani mudzaone. M'mizere yolowa mkati ija ya m'mbali mwa vani vinilo anali atadzuka, atakungika ngati chikopa cha ng'oma, ukadina ndi chala umamva kuti pansi pake palibe chitsulo koma mpweya basi. Zinandipweteka kwambiri chifukwa tsiku lomwe ndinamaliza inkaoneka bwino zedi mpaka bambo aja anandigwira chanza.

Chomwe sindinkadziwa nthawi imeneyo nchakuti vinilo amakumbukira mmene analili pa mpukutu. Ukamutenthetsa ndi heat gun, kamashini kouzira mpweya wotentha, nkumukoka kuti alowe pokumbika, iye amafunabe kubwerera mwakale, ndiye dzuwa likamuwomba amayamba kudzikoka pang'onopang'ono mpaka guluu amagonja. Mankhwala ake nkumutenthetsanso ukamaliza kumata, paliponse pomwe unakoka, mpaka afike madigiri 90 a Celsius kapena kuposerapo pang'ono malinga ndi zomwe opanga alemba, ndipo osamangoyeza ndi dzanja ayi, pamafunika kachipangizo koyezera kutentha kongolozera kaja. Akafika pamenepo mpomwe amakhazikika. Ine ndinadumpha zimenezi poganiza kuti poti wagwira ndiye kuti ntchito yatha.

Vuto lina linali vinilo weniweniyo. Ndinagula wa mtundu wotchedwa calendered poona kutchipa, koma ameneyu popanga amachita kumufinya m'marola, ngokhuthala komanso amanyala msanga, malo ake ndi pa zikwangwani zathyathyathya. Wa mtundu wina wotchedwa cast popanga amathiridwa ali wamadzimadzi, ngopyapyala, ma micron 50 (mamilimita 0.05) kapena cha pamenepo, ndiye amagonjera bampala ndi makona osalimbana nawe. Makampani a 3M, Avery Dennison ndi Orafol onse amapanga wa magalimoto, ndipo ku guluu kwake kumakhala timizere tosaoneka bwino totulutsira mpweya, ukamatsetsereza squeegee, kapulasitiki kosalazira vinilo, kuchokera pakati kupita kunja thovu limangothawa lokha. Kunena zoona timizere timeneti tinapeputsa ntchito yathu kwambiri.

Koma ntchito yomwe imanditengera nthawi masiku ano nkutsuka. Sopo kaye, kenako isopropyl alcohol, mankhwala ochotsa mafuta, makamaka m'mphepete mwa zitseko, kuseri kwa zogwirira ndi mozungulira magetsi momwe mumabisala mafuta ndi phula wa polishi, chifukwa vinilo sayamba kumatuka pakati, amayambira m'mphepete momwemo. Ndikapeza dzimbiri kapena penti yosupuka ndimamuuza kasitomala mosabisa kuti apa sindimata, vinilo sabisa chilema, amachionetsa kuposa kale, ndipo tsiku lochotsa adzachoka ndi penti yomweyo.

Vinilo akakhala wosindikizidwa zithunzi, inki ya mtundu wa solvent imafuna maola 24 kapena 48 kuti iume bwinobwino musanaike laminate, pulasitiki yoonekera yotchinjiriza pamwamba, mukafulumira imafewetsa guluu.

Vani ija ndinaimatula mbali zonse ziwiri nkuyambiranso osawalipiritsa kanthu, ulendo uno ndi cast, ndipo podula ndinagwiritsa ntchito knifeless tape, tepi yokhala ndi kaulusi kodulira vinilo, mmalo mwa lezala kuti ndisakande penti. Poipereka ndinawauza kuti denga ndi boneti ndi zomwe zidzayambe kusuluka chifukwa dzuwa limagwera pomwepo, komanso akamatsuka ndi mashini a madzi amphamvu aja asamalozetse m'mphepete mwa vinilo ali pafupi.