DT ya bambo yalira, koma za silinda zija zikadandiwawa

Loweruka lapitali njinga yamoto ya bambo ndinaitulutsa m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ndinachoka ku Area 25 mpaka pa Nathenje ndi kubwerera, osazimira panjira ngakhale kamodzi. Nditafika pakhomo ndinakhala pakhonde kwa kanthawi manja akadali kunjenjemera chifukwa cha chiwongolero. Yanditengera chaka ndi miyezi isanu kuikonza. Ikanatha msanga pakanapanda shopu ina yoboola masilinda, ndipo ndiyo yandilembetsa zimenezi.

Njingayi ndi Yamaha DT125 ya 1979, ija ya shoko imodzi yobisika pansi pa thanki. Bambo anali alangizi a zaulimi ku Dedza, ndipo anthu a kwathu ankadziwa kuti akubwera akadali kutsidya kwa dambo, chifukwa kulira kwa injini ya two-stroke, ija yowotcha petulo pamodzi ndi oyilo, sikusokonekera ndi china chilichonse. Atapuma ntchito anaikankhira m'kanyumba kosungira makasu, nkhuku n'kumaikira mazira pampando. Pamene ndinawapempha kuti ndiitenge anangoti, "Tenga, koma usakaidule ngati anyamata a m'tauniwo."

Zoikweza pa lole, kuitsuka ndi kuimasula sindinenapo zambiri, aliyense wogwira sipanala amazidziwa. Kungoti jambulani chilichonse ndi foni musanamasule, makamaka mawaya a kuseri kwa nyali. Mabawuti muziika m'timabotolo tosiyana. M'thanki munali dzimbiri loti mukagwedeza limamveka ngati mchenga. Ndinathiramo viniga ndi manati odzaza dzanja, ndikumaigwedeza m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, kenako kutsuka ndi madzi a soda, kuumitsa padzuwa, n'kupaka kaoyilo mkati tsiku lomwelo. Mukaisiya yonyowa usiku umodzi dzimbiri limabwereranso.

Tsopano silinda. Titachotsa hedi, chivindikiro chake cha pamwamba, tinapeza mizere m'kati yoti chikhadabo chimakodwa. Silinda ya DT125 ikamachokera ku fakitale imakhala ya 56 mm, ndipo ikadyeka amaiboola pang'ono n'kuikamo pisitoni yokulirapo: pali ya 0.25, ya 0.50, ya 0.75 ndi ya 1.00. Sitepe iliyonse ndi moyo wina wa injiniyo. Ikafika kumapeto basi, muyambe kusaka silinda ina, ndipo ya 1979 simungaitole pamsika ngati ya Lifo. Makaniko amene ankandithandiza anayeza nati 0.25 ikwana. Ndinatuma msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti agule pisitoni, maring'i, pini ndi kabering'i ka pamwamba, atumize pa basi.

Katundu ali m'njira, mtima unathamanga. Ndinanyamula silinda kupita nayo ku shopu ija kuti pisitoni ikamafika ipeze zonse zatha. Ndinauza mkulu wa pamenepo momveka bwino, ndipo ndinalemba 0.25 ndi maka pa chitsulo penipeni. Iye anayankha kuti, "Musadandaule bwana, izi timapanga tsiku ndi tsiku, mubwere Lachitatu."

Lachitatu ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinafika 8 koloko, akuti magetsi athima. Ndinakhala pa benchi ya panja pafupi ndi mulu wa makilankishafuti a malole, ndikuyang'ana silinda yanga ili pansi pomwe ndinaisiya, itachita fumbi. Magetsi anayaka cha m'ma 11, koma anayamba ndi buloko ya minibasi chifukwa mwini wake anaima pompo ndipo amalankhula mokweza. Masana anapita kukadya. Itakwana 3 mnyamata wina anaitenga, ndipo 4 isanakwane anandibweretsera itakulungidwa m'nyuzipepala, ikuwala bwino m'kati. Ndinalipira, ndinathokoza, ndinawonjezapo ya fanta.

Pisitoni itafika patatha sabata ziwiri, makaniko anailowetsa yopanda maring'i, ndipo inangoti phwa mpaka pansi, ikugwedera m'mbali. Pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda pamayenera kutsala kampata kochepa kuposa tsitsi la munthu, koma apa mumatha kuona kuwala. Tinayeza: anaboola mpaka 0.50. Nditabwerera, mkulu uja sanapepese n'komwe. Akuti, "Mizere inali yakuya achimwene, ife tinakuthandizani. Komanso 0.50 ndi imene anthu ambiri amabwera nayo." Nanga bwanji osandiimbira? Nambala yanga inali pa lisiti. Ndinakhala pa benchi yawo tsiku lonse, bwanji osatuluka n'kundifunsa? Kaya mizereyo inalidi yakuya kaya mnyamatayo anangotchera makina mwachizolowezi, chitsulo chikachoka sichibwerera. Silinda imene bambo anaisamala zaka zonsezi inataya sitepe yathunthu masana amodzi.

Choncho musapititse silinda koboola pisitoni isanafike m'manja mwanu. Woboola wodziwa ntchito amayeza pisitoni yeniyeniyo n'kuboola molingana nayo, chifukwa ngakhale mapisitoni olembedwa saizi imodzi amasiyanako pang'ono malinga ndi kampani. Ndipo musanagule, iye amene adzabooleyo ndiye ayeze n'kukuuzani saizi, osati munthu wina.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zonsezi zinachitika kumayambiriro kwa Novembala 2023, mwezi umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Pisitoni yachiwiri, kampani yomweyo, sitolo yomweyo, inandidya ndalama zambiri kuposa yoyamba pongosintha kukhala ma rand. Yoyambayo ili m'kabati mpaka lero, yatsopano m'kabokosi kake. Nditapita nayo yachiwiri ku shopu ija kuti ayeze ngati ikugwirizana, anandiuza kuti ndilipirenso ya honing, kusalaza m'kati mwa silinda komalizira. Ndinanyamula silinda yanga osayankha, ndinapita kwa madala ena a ku Biwi amene anaimalizitsa ine ndikuona. Madalawo ndiwo anandionetsanso kuti m'mphepete mwa mabowo a m'silinda, aja olowera mafuta ndi otulukira utsi, munasiyidwa mwakuthwa ngati lumo. Pa two-stroke maring'i amadutsa pamabowo amenewa, ndiye mukapanda kusalaza m'mphepetemo ndi kafayilo, ring'i imakodwa n'kuthyoka. Shopu yoyamba ija sinakhudze n'komwe.

Ndadumpha chinthu chimene ndinayenera kuyamba nacho. Musanawononge tambala, onani nambala ya fulemu ndi ya injini ngati zikugwirizana ndi zimene zili mu blue book. Pa Yamaha nambala ya fulemu imadindidwa pakhosi, pamene mafoko amalumikizana ndi fulemu, ndipo ya injini ili pamwamba pa kesi. Blue book ya bambo amayi anaisunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndipo manambala anagwirizana. Koma wopenta fulemu anathira penti yochindikala mpaka manambala atatu anakwiririka, ndipo tsiku lokayezetsa njinga oyezawo anandibweza. Iwo sanalakwe, nambala sinkawerengeka. Ndinakhala madzulo onse ndi thina ndi kamswachi ndikufukula manambalawo mosamala, chifukwa mukapala ndi chitsulo zimaoneka ngati munafuna kusintha nambala. Matani tepi pamenepo musanapente. Pa mapepala osinthira umwini, COF (chiphaso choti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi ndinayenda ndekha. Madobadoba adzakuzungulirani mukangofika ku ofesi ya mapepalawa, koma pepala lililonse ndinkafuna lidutse m'manja mwanga.

Tibwerere ku injini. Njinga imene yakhala zaka osalira, masiili a kilankishafuti, timphira totseka m'mbali mwake, amauma. Anthu ambiri amawasiya chifukwa injini imalira ndithu. Koma siili ya mbali ya magineto ikamalowetsa mpweya, injini imatentha mpaka pisitoni kugwira, ndipo ya mbali ya kilatchi ikatha, injini imayamwa oyilo wa m'giya n'kumafuka utsi wonunkha. Poti injini inali kale pa tebulo ndinasintha onse awiri pamodzi ndi mabering'i. Pisitoni ili ndi kamuvi pamwamba, kaloze ku ekizozi. Kabureta ya Mikuni ndinangoitsuka, majeti ake akale anali bwino kuposa a m'kapaketi kotchipa kamene ndinagula.

Pali nkhani ya pampu ya oyilo, imene Yamaha amaitcha Autolube. Aliyense amene anaona njingayi anandiuza kuti ndiichotse, ndizingosakaniza oyilo ndi petulo m'chigubu. Ndinakana. Pampuyo imapereka oyilo molingana ndi mmene mwakokera mafuta, ndipo yanga inalibe vuto. Chofunika ndi kutulutsa mpweya m'timapaipi take ndi kutchera kebulo pa chizindikiro chake. Pa thanki yoyamba yokha ndinathira oyilo pang'ono m'petulo, mpaka nditaona ndi maso kuti oyilo wa m'kathanki kake akutsika. Ndipo muzigula oyilo wa two-stroke weniweni, osati wa galimoto wothiridwa m'botolo la juwisi.

Zokongoletsa sindinachite zambiri, mawu a bambo aja anandimanga. Fulemu sindinadule. Mpando anausoka telala wa masofa ku Mchesi, chikopa chakuda cha mizere yopingasa, ndipo ndinatsitsako siponji pang'ono kuti mapazi anga azifika pansi bwino. Thanki ndinaibwezera mtundu wake woyera umene unatsala pansi pake pomwe dzuwa silinkafika. Magetsi ake ndi a 6 volts, ndiye mababu a 12 volts a njinga za kabaza amangoyaka ngati kandulo, musataye nawo ndalama. Tayala lakutsogolo ndi la 21, lakumbuyo 18. Lakumbuyo ndinalipeza mosavuta, koma lakutsogolo ndinazungulira Malangalanga yonse mpaka mnzanga wina analipeza ku Limbe. Ekizozi inali itatsekeka ndi mwaye wa zaka zambiri, tinaiwotcha pamoto wa nkhuni n'kuigogoda mpaka makala anatuluka odzaza mbale.

Ndibwerezenso, chifukwa ndi pamene ndinapwetekera: pisitoni kaye, kuboola pambuyo. Pitani nazo zonse ziwiri m'thumba limodzi, ndipo imani pomwepo mpaka atayeza inu mukuona. Akakuuzani kuti mukhale pa benchi panja, nyamulani katundu wanu muzipita kwina.

Panopa ndikuiyendetsa mofatsa kuti maring'i akhazikike, osakoka mafuta mpaka kumapeto, ndipo ndikafika ndimamasula pulagi kuona mtundu wake. Ikuoneka yofiirira ngati chikonyo cha fodya, mmene iyenera kukhalira. Ku Dedza sindinapite nayo, ndikufuna idye kaye makilomita angapo m'tauni muno isanakwere mapiri aja. Koma Loweruka lomwelo madzulo ndinaimbira bambo, ndinaika foni pampando n'kutchaya kiki. Inalira pa kiki yachiwiri. Anamvetsera kwa kanthawi osalankhula, kenako anati, "Aidiling'i yakwera pang'ono, bweza sikuluwo theka."