Wagonayo Ndiye Anali Wanga

Inde, ndinavina. Musavutike kufunsa amene analipo pometera tsitsi paja ku Ulóngue, ndavomera ndekha. Koma zoti ndinavula malaya n'kuwaponya padenga ndi bodza la anthu anjiru. Ndinangomasula mabatani awiri chifukwa kunkatentha, ndipo amene akuti mu Julayi ku Angónia sikutentha sanalowe m'kachipinda kaja.

Chinandipititsa kumeneko si gemu ayi. Achemwali anandituma. Mwana wawo wamkazi wa zaka 10 anamupatsa chimanga ndi ndalama yakuchigayo m'mawa, dzuwa linafika pamutu ufa osaoneka. "Inu ndinu malume wake, kamutengeni mumulangize," anatero. Ndinanyamuka ndi nkhope ya mwini mbumba, ija imazizitsa ana m'mimba.

Ndinamupeza atakhala pakireti, thumba la chimanga lili pambali, maso ali pa Tekken 7, gemu ya pakanema yomenyana. Chofunika chinali kumugwira dzanja basi. Koma ndinaona kagwiridwe kake ka padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera gemu: waika pamiyendo, akumenya batani la X ndi lozungulira lija ndi zala zonse ngati akusinja nsinjiro. Mtima unandiwawa. Ine Tekken ndinaiyamba pa Tekken 3, imene inatuluka pa PlayStation yoyamba mu 1998, ndipo ndili pasukulu mumzinda wa Tete ndinathera pamenepo ndalama zambiri za chakudya, thukuta lili kamukamu. Munthu wotere sangaone chipongwe chotero n'kungodutsa.

Ndiye ndinayamba kuphunzitsa, wometa ndi anyamata onse ali tcheru (ndimayesa choncho). Ndinati Mortal Kombat, ya 1992 ija, ndi ya anthu ofuna magazi msanga. Ili ndi batani lakelake lotchingira, uloweze Fatality, kamenyedwe kophera mdani pomaliza, ngati katekisimu, madzulo ano wayamba kale kudzitama. Street Fighter ndimaipatsa ulemu. Chiyambire Street Fighter II mu 1991 ndi gemu yoyeza mtunda, ngati bawo: umadikira mnzako alakwe phazi limodzi. Hadouken yokha, moto woponya ndi manja umene umatuluka ukadina pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo ndi nkhonya, inatupitsa zala za mbadwo wonse. Koma mu Street Fighter 6 ya 2023 anaikamo kaseweredwe kotchedwa Modern, kamene moto uja umatuluka osapotokola chala, ngati kugula ufa wosinjasinja m'sitolo. Zabwino kwa oyamba kumene, sindikana.

Tekken, ndinatero ndikukweza chala, ndi nyanja. Mabatani ndi anayi okha, lililonse mkono kapena mwendo wake, n'chifukwa chake ana amaiyesa yophweka. Koma munthu mmodzi wa m'gemumo amakhala ndi mamenyedwe opitirira 100, umazemba cham'mbali, ndipo sekondi imodzi imagawidwa zidutswa 60, nkhonya yachangu n'kudya zidutswa 10 zokha. Ndinawauzanso za Arslan Ash, mnyamata wa ku Lahore ku Pakistan, amene mu 2019 anapambana pa Tekken m'mipikisano ikuluikulu ya EVO Japan ndi EVO ya ku Las Vegas, akatswiri a ku Korea ndi Japan atangoti kukamwa yasa. Mfundo yanga inali yoti m'gemu yakuya chotere wongodinadina sangapambane wodziwa. Mawu amenewa ndinawanena kawiri, mokweza, pali mboni.

Mwanayo anangoti, "Tiyeseni amalume."

Tinapangana. Ndikapambana, phazi lake lisadzapondenso pamenepo. Akapambana, chimanga ndisenza ine mpaka kuchigayo. Ndinalipira 10 meticais ndikuseka chamumtima.

Iye anatenga Eddy Gordo, wa capoeira, ndewu yovina ya ku Brazil ija, mutu pansi miyendo kumwamba. Ine Kazuya, munthu wa akuluakulu. Ndinkafuna kutsegula ndi nkhonya yamagetsi ija, imene imafuna kuti batani la mbali ndi la nkhonya zigwe pa kachidutswa kamodzi mwa 60 tija. Chimene chinatuluka n'chakuti Kazuya wanga ankangowerama, kudzuka, kuwerama, ngati bambo wataya kobiri pamsika wa ku Calómuè. Eddy ankamuzungulira ndi zidendene. Sudziwa ngati phazi likubwera kumutu kapena kuakakolo, ukatchinga kumwamba lakusesa pansi. Atamaliza, Eddy anandilankhulanso m'Chipwitikizi, ngati wa kuofesi ya boma akukubweza kuti ubwere mawa.

Ndiyenera kunena kuti padi yanga inali ndi mafuta a mandasi. Mpando unalinso wotsika.

Ndinalipira ina 10. Ndinati, popeza ukudalira munthu wachinyengoyu, nanenso nditenga Eddy yemweyo ndikuonetse mmene wodziwa amamuyendetsera. Pakanema panaima a Eddy awiri, nkhope imodzi, tsitsi limodzi, kusiyana zovala zokha. Ine ndinali ndikuuza wometa za mbiri ya capoeira, zovalazo sindinaziyang'ane bwino. Belu litalira onse awiri anatembenuzika mitu pansi, n'kupiringizana ngati mbatatesi m'thumba, n'kusinthana mbali.

Abale, apa ndiye ndinasewera. Eddy wanga anauluka. Phazi kumutu, phazi kumimba, kusesa pansi, kumunyamula mnzake m'mwamba osamulola kutera. Zaka zonse zija za ku Tete zinabwerera m'zala. "Waona? Uku ndiye kuwerenga mdani," ndinamuuza mwanayo. "Waona ndakudikira? Ndimadziwa kuti ubwera ndi mwendo wamanzere." Iye phee, akungosinja nsinjiro zake. Ndinamumvera chisoni pang'ono, mwana wa mlongo wanga, koma chilango ndi chilango.

Gawo lachiwiri ndinaimirira. Ndinayamba kusewera chotembenukira anyamata aja, ndikuwafotokozera chilichonse chimene ndikuchita. Penapake ndinachotsa dzanja lamanja papadi kuti ndiloze pakanema, ndipo Eddy wanga anapitiriza kumenya yekha, mateche anayi otsatizana. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa. Ine ndinawauza kuti akatswiri timalowetsa malamulo pasadakhale, gemu imangotsatira pambuyo. Mnyamata wina anagwira pakamwa n'kutuluka panja. Ndinati kamtima ka nsanje kamupweteka.

Kenaka pakanema panalembedwa PERFECT, kutanthauza kuti wopambana sanakhudzidwe ngakhale kamodzi. Ndinaika padi pansi mwaulemu. Ndinabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Ndipo ndinavina ngoma, yeniyeni ya Angoni, phazi kumwamba n'kuligwetsa pansi kuti di, tsitsi lometedwa lili pansi lija n'kuuluka. Tsache la wometa linasanduka nthungo, chivundikiro cha ndowa chishango. Ndinazungulira mpando wometera kawiri. Ndinadziimbira ndekha mayina a makolo anga mpaka agogo a agogo, ena mwa iwo ndinangowapeka pompo. Ndinafika mpaka pakhomo kuti a njinga zamoto aone malume wolanga mwana popanda chikwapu.

Pobwerera m'kati ndinapeza wometa wazimitsa makina. Bambo amene ankametedwa, mutu theka woyera theka wakuda, anali atabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Mwanayo anandikoka malaya pang'onopang'ono, mwaulemu wonse umene amayi ake anamuphunzitsa.

"Amalume, woimirirayo ndi wanga. Wanu ndi wagonayo."

Ndinayang'ana pamwamba pa kanema. Mzere wa moyo wa mbali yanga unali mbee, wopanda kanthu. Kuyambira belu loyamba, munthu amene ndinkamumvera chisoni uja ndinali ine. Eddy wanga weniweni anathera magawo onse akumenya mphepo pakona, nthawi zina chofulatira, ndipo pamene ndinkaloza pakanema paja anangoima chilili kulandira mateche anayi aja.

Komabe taganizani bwino. Zonse zimene ndinkalosera, zoti abwera ndi mwendo wamanzere, zinkachitikadi. Kuwerenga gemu ndinawerenga molondola, munthu yekha ndiye ndinasokoneza. Ndipo mfundo yanga ija sinagwe kwenikweni: wodziwa amapambana wongodinadina malinga akhale kuti anaphunzira kutchinga miyendo ya Eddy, chinthu chimene ine ndakhala ndikuchizengereza kuyambira Tekken 3.

Chimanga ndinasenza. Iye ankabwera pambuyo akudya nzimbe imene anamugulira bambo wa mutu watheka uja. Panjira ndinamufunsa chapansipansi kuti kunyamula munthu m'mwamba kuja amadina chiyani. Anati sadziwa, amangodina.

Kunyumba achemwali anafunsa ngati ndamulangiza. Ndinati takambirana. Ndamuuza wometa kuti apeze Street Fighter tidzabwereze pa gemu ya anthu oganiza, koma akuti alibe, ndipo akuti tsache lake ndinathyola.