Thirakitala yanga yasiya kuyenda ngati njoka

Kwa masabata awiri ndakhala ndikulimbana ndi thirakitala yanga kuti izidziwongola yokha m'munda. Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti nkhani yonse yagona pa GPS. Ayi ndithu, GPS sinandivutitse n'komwe. Ukakhala ndi RTK, imene imakonza uthenga wa setilaiti pogwiritsa ntchito siteshoni yokhazikika pansi, thirakitala imadziwa pamene ili, ndipo ikaphonya ndi masentimita awiri kapena atatu basi. Chimene chinandidya mutu ndi kugwirizanitsa kabokosi kanga kolamula chiwongolero ndi kompyuta ya m'thirakitala momwemo.

Yangayi inabwera kale ndi valavu ya hayidiroliki yomvera magetsi, choncho sindinafunike kumangirira kamota pachiwongolero monga amachitira ndi mathirakitala akale. Pulogalamu yowongolera thirakitala ndinatenga AgOpenGPS, imene anayambitsa mlimi wa ku Canada, Brian Tischler. Mauthenga onse amayenda pa timawaya tiwiri topotana ta CAN, njira imene makompyuta a m'thirakitala amalankhulirana, ndipo pamenepo m'pamene ndinayambira kulakwa.

Mzere wa CAN umakhala ndi resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya ma ohm 120 kumapeto konse kuwiri. Ukazimitsa zonse n'kuyeza pakati pa timawaya tija, mita iyenera kuonetsa 60. Yanga inkaonetsa 40. Ndinakhala madzulo onse pansi pa mpando, tochi ili kukamwa, ndikugwedeza pulagi iliyonse, osadziwa kuti kabokosi kanga kanali ndi resistor yakeyake yomwe ndinaiwala kuchotsa. Zitatu m'malo mwa ziwiri. Nditaichotsa, nyali yochenjeza imene inkayaka inazima.

M'mawa mwake thirakitala inayamba kumvera, koma mayendedwe ake anali ochititsa manyazi. Ikhotere kumanja, ibwerere kumanzere, kumbuyo kukutsala mzere ngati padutsa njoka. Apa vuto linali sensa yoyeza kukhota kwa matayala a kutsogolo. Matayala akalunjika bwinobwino, iyo inkati akhota madigiri awiri, ndiye kompyuta imakhalira kukonza cholakwa chimene kunalibe. Kukonza kwake kunangotenga mphindi khumi.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi cha pamalo otsetsereka. Antena ya GPS ili padenga, mamita 3 kuchokera pansi. Thirakitala ikapendekera madigiri 5 okha, antenayo imasuntha pafupifupi masentimita 26 cham'mbali pamene matayala ali pomwepo. N'chifukwa chake pamakhala kachipangizo kotchedwa IMU koyeza kupendekerako. Ine ndinakaika chozondoka. M'malo mochotsa masentimita 26 aja, kompyuta inkawonjezerapo ena 26, theka la mita lathunthu! Popita mzere ukupatuka uku, pobwera ukupatuka uko. Masiku atatu onse ndinkanamizira setilaiti.

Koma zitatheka, phindu lenileni ndinalipeza pamene sindinkayembekezera. Thirakitala imalengeza yokha zambiri pa ISOBUS, muyezo wa ISO 11783 wolumikizira thirakitala ndi zida zake, umene umayenda pa liwiro la 250 kbit/s: liwiro la matayala, kuzungulira kwa PTO (shafiti yoyendetsa zida), ngakhalenso pamene pafika mikono yonyamulira zida kumbuyo. Ndinauza kabokosi kuti kazimvetsera mikonoyo. Tsopano ndikafika kumapeto kwa munda n'kukweza pulantala, chiwongolero chimabwerera m'manja mwanga ndipo mapu a pasikirini amasiya kupenta pamene padzalidwa. Ndikatembenuka n'kuitsitsa, thirakitala imagwira mzere wotsatira yokha. Sindikhudzanso sikirini ndi zala zafumbi. Maso anga ali kumbuyo, kuona ngati mbewu ikugwa.

Chimandinyansa n'chakuti kuwerenga mauthenga n'kotseguka kwa aliyense, koma kulamula chiwongolero opanga ambiri amakutsekera, aliyense ndi chinenero chakechake. Amati n'chifukwa cha chitetezo, ndipo pang'ono ndimawamvetsa. Inenso chinthu choyamba chimene ndinayesa, ndisanakokere chida chilichonse, n'kugwira chiwongolero mwadzidzidzi kuti ndione ngati makinawo asiya pomwepo. Akanakana, ndikanazula zonse tsiku lomwelo.

Latsala vuto limodzi. Pamtunda paja thirakitala ikuyenda mowongoka bwino, koma pulantala ikumatsetserekera kumunsi ndi masentimita angapo, poti antena ikudziwa za thirakitala yokha. Ndikuganiza zoika antena yachiwiri pa pulantala penipenipo, kungoti waya wake sindinapeze podutsitsa poti mikono ija isaudule.