Chala chopindika cha a Page

Lamulungu usiku. Tulo takana, ndiye ndingolemba.

M'mawa kunali chisanu cholasa m'mafupa, koma mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anandikoka kuti tikaonerere othamanga pa Twin Cities Marathon kuno ku Minneapolis. Pamphambano ina panaima mkulu wina wamtali, waimvi, atadzikoleka chilipenga chachikulu, akuwalimbitsa mtima othamangawo. Mayi amene anaima pafupi nafe anati amenewo ndi a Alan Page. Maso anga anangokakamira pa dzanja lawo. Chala chaching'ono chinapindikira kumbali ngati nthambi yothyoka, chipsera cha zaka za mpira.

Pobwerera m'basi ndinayamba kumufotokozera mnyamatayo, mwinanso ndinachulutsa. Kuti munthuyu anabadwira ku Canton, Ohio, mu 1945. Kuti ankasewera mpira wa ku America uja wogundana mu timu ya Minnesota Vikings, ndipo mu 1971 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawo, wotchinga kumbuyo woyamba kulandira ulemu umenewo. Koma ali pakati pa kutchuka konseko ankapita m'kalasi kukaphunzira zamalamulo ku University of Minnesota, mpaka anamaliza mu 1978.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi cha mu 1992. Kuno oweruza amachita kuvoteredwa. Bwanamkubwa anawonjezera nthawi ya woweruza amene anali pampando, chisankho n'kuoneka kuti chafera m'mazira. A Page, amene ankafuna kupikisana nawo pa mpandowo, anakasuma, napambana mlanduwo, kenako napambananso mavoti. Anakhala munthu wakuda woyamba kuweruza m'khoti lalikulu la Minnesota, ndipo anakhalapo zaka 22, mpaka 2015 pamene anakwanitsa zaka 70, msinkhu umene lamulo limati woweruza apume.

Mphwanga anamvetsera zonsezi akuyang'ana pawindo. Kenako anati, "Amalume, iwowo anali kale ndi ndalama za mpira. Ine mukufuna ndizitsegula buku nditanyamula makatoni usiku wonse?"

Ndinasowa chonena. Ndinaona zikhatho zake zong'aluka ndi kuzizira, zala zitatupa. Ndine amene ndinalonjeza mayi ake kuti mwanayu akabwera kuno aphunzira, ndipo chaka chachiwiri chikutha tikungothamangitsa lendi.

Sananame ayi. Komabe mumtima mwanga china chake chikukana. Munthu wa ndalama ndi dzina akanatha kungokhala phee, nanga mabuku ankawafuniranji? Ndipo mu 1988 iwo ndi akazi awo a Diane anayambitsa Page Education Foundation, yothandiza ana akuda ndi a mitundu ina yochepa kulipira ku koleji, koma wolandirayo amayenera kupatula nthawi yothandiza ana aang'ono pa maphunziro. Ndinafuna kumuuza zimenezi m'basi muja, pakamwa panangouma.

Ndalemba dzina la bungwelo pakapepala, ndakaika pafupi ndi ketulo. Shifiti yake imatha 6 koloko m'mawa. Kaya akaona, kaya angoikapo kapu ya tiyi...