Lachinayi: bolodi, utoto wotuwa ndi mwezi wa Gertrude Abercrombie

Ntchito ya lero inali kutsata kajambulidwe ka Gertrude Abercrombie, mayi wa ku Chicago amene anabadwa mu 1909 n'kumwalira mu 1977. Kunyumba kwake ku Hyde Park kunkacheza oimba jazz monga Dizzy Gillespie ndi Charlie Parker, koma atamwalira dzina lake linazilala kunja kwa mzindawo, mpaka chionetsero cha ku Karma, nyumba yoonetserako zithunzi ku New York, mu 2018 chinalidzutsanso. Zithunzi zake zambiri n'zazing'ono, za utoto wamafuta pa bolodi ya Masonite (bolodi yolimba yopangidwa ndi tiziduswa ta mitengo tothinikizidwa): dambo lopanda kanthu, mtengo wouma, kadzidzi, mphaka, mayi wa diresi lalitali ali yekhayekha.

M'mawa tinadula mabolodi a masentimita 20 kwa 25. Mbali yosalala imayamba yakwechedwa ndi sandipepa ya nambala 220, apo ayi gesso, utoto woyera woyambira pansi, sagwira. Gesso timapaka katatu, mopyapyala, ulendo uliwonse mopingasa ndi woyambawo. Kumbuyo nakonso kumafuna kupakidwa. Mukasiya, mbali imodzi imakoka pouma ndipo bolodi imapindika. Mabolodi a lerowa adikira masiku atatu asanalandire mafuta, choncho masana tinagwiritsa ouma kale.

Thambo ndilo linadya nthawi. Tinasakaniza utoto woyera wa titanium white ndi wakuda wa ivory black, n'kuthirako wofiirira wa raw umber pang'ono, mpaka kutuwa kwa mitundu isanu, kodera pamwamba, kowala pamene thambo likumana ndi nthaka. Ivory black imachedwa kuuma. Mukaipaka mochindikala pansi n'kuikapo utoto wouma msanga, pamwambapo pamadzang'ambika. Lamulo n'lakuti utoto wapansi usungunulidwe ndi turpentine, mafuta a linseed azichuluka mukamakwera.

Mwezi lero sitinauike. Pa thambo lonyowa, woyera umatola wakuda n'kusanduka matope. Umafuna thambo louma, burashi yaing'ono yosongoka, ndi dzanja losabwerezabwereza.

Chovuta kwenikweni si utoto ayi, koma kudziletsa. Dzanja limafuna kuwonjezera udzu, mitambo, mtengo wachiwiri. Abercrombie ankaika zinthu zochepa kwambiri, zotalikirana, chilichonse chojambulidwa momveka bwino ndithu. Ndiye maso akaona makwerero ataima pamtetete kapena zitseko zopanda nyumba, amasowa pothawira. Chithunzi chofanana ndi maloto chimachokera pamenepo, osati pa chifunga chimene ambiri amathamangira kupaka.

Mabolodi tawaimika moyang'ana kukhoma kuti fumbi lisamatire. Mtengo ndi mwezi zidikira sabata yamawa.