Zikomo nonse, sukulu ija yatha

Abale ndi alongo, digiri ya masters mu medical physics ija ndakhoza, ndipo ndafika bwino kuno ku Mzuzu.

Ndiyambe ndi inu amayi. Usipa wa ku Nkhata Bay umene mwakhala mukugulitsa mumsika, kaya kukugwa mvula kaya kukuzizira mu June, ndi umene unandifikitsa ku Mzuni. Amayi a banki mkhonde ku Chibavi, munakongoza amayi anga ndalama ya pasipoti osawatopetsa ndi mafunso. Amalume, za tikiti ija sindidzaiwala. Aphunzitsi anga a fizikisi ku Luwinga, makalata anu ndi amene ananditsegulira khomo. Ndalama ya sikolashipu itachedwa kunja kuja, banja lina lachimalawi linandisunga ngati mwana wawo. Safuna kutchulidwa, koma akudzidziwa.

Ambiri mumandifunsa ngati tsopano ndine dokotala. Ayi ndithu, ine ntchito yanga ndi kuyeza. Wodwala khansa akamawotchedwa ndi makina a radiotherapy, dokotala amalemba mlingo wa cheza, umene timawerenga m'ma gray, ndipo pamafunika wina wotsimikiza kuti makinawo apereka womwewo. Kuphonya ndi 5 pa 100 n'kokwanira kusiya chotupa chili moyo kapena kupsereza mnofu wabwinobwino.

Kafukufuku wanga anali pa njira yatsopano yotchedwa FLASH. Makina wamba amapereka ma gray ochepa pa mphindi, pomwe FLASH imapereka oposa 40 pa sekondi imodzi. Mu 2014 akatswiri a ku Institut Curie ku France anaona kuti pa liwiro lotere mapapo a mbewa sankawonongeka kwambiri, chikhalirecho chotupa chimafa chimodzimodzi. Mu 2018 ku Lausanne ku Switzerland bambo wina wa zaka 75, wodwala khansa ya pakhungu, analandira ma gray 15 m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi.

Tsono vuto lili pakuyeza. Kachipangizo kamene zipatala zimadalira, ionisation chamber, kali ndi mpweya mkati. Cheza chikadutsa chimagawa mpweyawo kukhala tizidutswa ta magetsi, ndipo ife timawerenga timeneto. Pa FLASH tizidutswato timachuluka nthawi imodzi n'kumagwirananso tisanawerengedwe, ngati kukhuthulira ndowa yonse ya madzi pakamwa pa botolo. Kachipangizoko kamanena mlingo wochepa pomwe wodwala walandira wochuluka, ndiye taganizani munthu atakhulupirira n'kuwonjezera. Ine ndinkakayerekeza ndi zoyezera zina: filimu yosintha mtundu, timibulu ta mankhwala otchedwa alanine, ka diamond, komanso kuyeza kutentha kumene cheza chimasiya. Chomalizachi ndi chimene chinandisowetsa tulo, pakuti gray imodzi imatenthetsa madzi ndi madigiri 0.00024 okha. Amisiri a mu labu amene munkatsala nane usiku makina akapeza mpata, zikomo kwambiri.

Ndisakunamizeni, FLASH sifika ku Mzuzu Central mawa. Ikadali poyesedwa, ndipo ku Cincinnati ku America anayamba ndi odwala 10 okha. Kwathu kuno nkhawa ndi ina. Zaka zambiri odwala athu akhala akutumizidwa ku Zambia, Tanzania kapena India, ndipo azakhali anga anali mmodzi wa iwo. Anabwerako ku Lusaka atawonda koma ali moyo, ndipo ndi iwo amene anandichititsa kusankha maphunzirowa. Makina aliwonse owotchera khansa m'dziko muno, ngakhale oyenda pang'onopang'ono, afunika munthu wowayeza tsiku ndi tsiku. Ntchito imeneyo ndi imene ndabwerera. Ndipo inu amayi ndi alongo anga, kuyezetsa khomo la chiberekero musamazengereze, chifukwa khansa imeneyi yatitha kuno ku Malawi.

Loweruka lino masana tidzakhala ndi mapemphero othokoza kunyumba kwa amayi ku Chibavi. Nonse mwaitanidwa, koma mipando ndi yochepa, ndiye amene muli pafupi munyamuleko yanu.