Mmene tinayambira kuyenda ndi anthu m'mbali mwa Mulunguzi

Ambiri mwakhala mukufunsa pa WhatsApp kuti kodi inu a maulendo a kuphiri munayamba bwanji, ndiye lero ndati ndilembeko. Ife ndi kagulu kochepa chabe, ine, mlamu wanga ndi anyamata awiri akumudzi kwathu konkuno ku Zomba. Ofesi tilibe, zonse timapangira pafoni. Ntchito yathu ndi kuperekeza anthu wapansi kutsata mtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba.

Amene simunakwereko mwina mumaona ngati pamwamba paja ndi nsonga imodzi, ayi ndithu. Pali ngati mbale, m'mbali mokwera pakati polowa, ndipo nsonga yaitali kuposa zonse ndi Malumbe, mamita opitirira 2,000. Ndiye mvula ikagwa madzi amathamangira pakatipo, timifuleni nkumakumana mpaka kukhala Mulunguzi. Kumtunda kuli mathithi a Williams, chakumunsi a Mandala, kenako damu la Mulunguzi lija, ukachoka apo mtsinje umatsika phompho pakati pa miyala ikuluikulu kulowa mtauni, kudutsa ku botaniki, munda wosungirako mitengo ndi zomera uja, kukathira mu Likangala, Likangala nayo ulendo wa ku nyanja ya Chilwa komwe madzi alibe kotulukira.

Poyamba makasitomala athu anali azungu okhaokha, timawadikirira cha ku hotela ya Ku Chawe limodzi ndi anzathu ogulitsa ziboliboli ndi miyala yonyezimira ija. Iwo amafuna Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, ndi Queen's View pomwe anafika amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ena dzenje lakuya la Chingwe's Hole. Zimayenda bwinobwino mpaka 2020 Covid itabwera, phiri lonse zii, olo mlendo mmodzi. Mlamu wanga ndi amene ananena kuti achimwene, bwanji tiitane anthu akonkuno, aku Chinamwali, Matawale, Sadzi, anthu oti phirili amaliona mmawa uliwonse koma sanapondeko. Tinatsitsa mtengo wa a Malawi, tinayika zithunzi pa Facebook, oyamba kubwera anali ana aku Chanco, kenako masukulu, makwaya, mpaka mabanja ochokera ku Blantyre Loweruka.

Ndipo apa mpamene ndinaona kuti anthu akwathu chimene chimawagwira mtima ndi mtsinje, osati ma view aja ayi. Tsiku lina tinatenga amayi a kumpingo wina, tikufika pa Williams onse anavula nsapato, zitenje kukwinya, kulowetsa mapazi m'madzi nkukuwa ndi kuzizira kwake, kenako nyimbo inayambika pompo pamwala. Mayi wina wachikulire anandikoka dzanja nkufunsa kuti mwana wanga, madzi awa ndi omwe aja timatunga pampopi kwathu? Ndinati eya mayi, amapita mudamu umo kenako mmapaipi. Anakhala kaye chete akuyang'ana kumtunda, kenako anayamba kutola mapepala a masiwiti amene ana ena anataya, osawauza munthu. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse timayamba ndi kufotokoza za njira ya madziwa, ndipo timanyamula thumba la zinyalala.

Njira ya mumtsinje ndi imene ine ndimaikonda kwambiri. Kumtunda kuli mapaini obzala, koma m'mbali mwa madzi mwatsala mitengo yachilengedwe, mthunzi wokhawokha, miyala yonse ndere, mpweya wake wonunkhira dothi lonyowa, ukakhala ndi mwayi umaona anchima akudumpha mmwamba, anyani ndiye osanena, samalani ndi chikwama cha kamba. Ndere zimenezo ndi zoterera zedi, nchifukwa chake timakana masilipasi ndi nsapato zakutchalitchi. Nthawi ya dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi timasamala kwambiri, mvula itha kugwa kumtunda inu pomwe muli kuli dzuwa, mukangoona madzi ayamba kufiira ndi kubweretsa zinyalala za masamba tulukanimo msanga, gaidi akanena kuti tiyeni musalimbane naye chifukwa cha chithunzi. Juni ndi Julaye kumazizira koopsa, chiperoni chikatsika simuonana ndi mnzanu ali patsogolo panu pomwepa, jekete osaiwala. Mudamu sitilola munthu kusambira, ndi madzi akumwa a tauni yonse.

Chimene chimandipweteka mtima abale ndi mitengo. Iyi ndi nkhalango yotetezedwa koma malo ena amene tinkadutsa mumthunzi pano ndi zitsa zokhazokha, ndiye ikafika Seputembala ndi Okutobala moto wolusa umamaliza timitengo tomwe tangobzalidwa kumene. Mvula ikagwa pamalo opanda kanthu dothi lonse limakokolokera mumtsinje momwemo. Amayi amene timakumana nawo pa Potato Path, njira yapansi yotsikira mtauni, atasenza nkhuni ine sindiwada, ndi azakhali athu, akusaka ya ndiwo ngati ife tomwe. Koma mtsinjewu ukauma kapena kuda, bizinesi yathu yathera pomwepo, ndipo mipopi mtauni nayonso iona zomwezo. Ndiye pa ndalama ya ulendo uliwonse timapatulako pang'ono yogulira mbande za mitengo yachilengedwe, timabzala mvula ikakhazikika, ndipo moto ukabuka anyamata athu amathamangira kukathandiza kuzima.

Chaka chino tikufuna tigule matenti angapo kuti ofuna kugona pamwamba azitha kutero, komanso tikuphunzitsa mtsikana mmodzi ugaidi poti magulu a amayi akhala akupempha. Mukafuna kubwera tiuzeni kudakali masiku awiri kapena atatu, tinyamuke mmamawa dzuwa lisanakwere. Tengani madzi akumwa, kamba, ndi ndalama zosinthasintha chifukwa mumsewu wokwera muja ana amagulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'timbale, chenji amakhala alibe.